NDALAMA YA MSONKHO NDI SUKULU YA MWANA



Mu Mthenga Wabwino wa Mateyo Woyera, mutu 22, timamva za Afarizi amene anadza kudzayesa Ambuye Yezu ndi funso la msonkho. Iwo anaitanitsa ndalama, nafunsa kuti chithunzi chili pamenepo nchayani, ndipo anawaphunzitsa kuti mfumu ya dziko ili ndi gawo lake, Mulungunso ali ndi gawo lake. Pa ndalama pali chithunzi cha wolamula dziko, koma pa mwana pali chithunzi cha Mulungu mwini. Tsono malo amene ndalama ya msonkho imakumana ndi mwana ndi ku sukulu. Nchifukwa chake lero tifuna kulingalira pamodzi funso ili: kodi msonkho umene anthu onse amakhoma uzilipira sukulu za boma zokha, kapena uzitsata mwana ku sukulu iliyonse imene makolo ake amsankhira?

Dziko limene lakangana kwambiri pa funsoli ndi la America, choncho tiyambire kumeneko. Ndalama zoyendetsera sukulu za boma m'dzikolo zimachoka kutatu. Boma lalikulu la ku Washington limapereka pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10. Zotsalazo zimachokera ku maboma a zigawo ndi ku madera, ndipo madera amadalira makamaka msonkho wa nyumba ndi malo. Apa ndiye pagona nkhani. Kumene nyumba zili za mtengo wapatali, msonkho umachuluka ndipo sukulu imakhala ya mwanaalirenji. Kumene kuli amphawi, sukulunso imasauka. Popeza mwana amapita ku sukulu ya dera limene akhala, wolemera amasankha sukulu pogula nyumba, pamene wosauka amangolandira imene waipeza. Makolo osauka a ku San Antonio, m'chigawo cha Texas, anakadandaula za kusiyana kumeneku, koma mu 1973 Bwalo Lalikulu la Milandu linagamula kuti malamulo aakulu a dzikolo sanaphwanyidwe.

Akatolika a kumeneko anali ndi katundu wawonso. Mu 1884 aepiskopi atasonkhana ku Baltimore analamula kuti parishi iliyonse imange sukulu yake. Chigawo cha Oregon chitakhazikitsa lamulo lokakamiza ana kupita ku sukulu za boma zokha, masisiteri anakasuma, ndipo mu 1925 Bwalo Lalikulu linathetsa lamulolo. Ufulu wosankha unatetezedwa, koma ndalama sizinatsate. Kholo lotumiza mwana ku sukulu ya parishi linkalipira kawiri: msonkho wa sukulu ya boma, ndiponso fizi ya kumene mwana wake akuphunzira. M'zaka za m'ma 1960 sukulu za Katolika zinali ndi ana oposa 5 miliyoni. Lero safika 2 miliyoni, ndipo zambiri mwa sukulu zimene zatsekedwa zinali m'madera a anthu osauka a m'mizinda.

Mu 1955 katswiri wa zachuma, Milton Friedman, anapereka nzeru yakuti boma lizisonkhetsabe msonkho wa maphunziro, koma ndalamayo lizipereka kwa makolo mwa chikalata chotchedwa vocha. Kuti timvetse, tikumbuke makuponi a feteleza amene anayamba kuno kwathu mu 2005: mlimi sankalandira ndalama m'manja, koma pepala limene ankapita nalo kogula. Vocha ndi kuponi ya sukulu. Kholo limapita nayo kumene lafuna, ndipo sukuluyo imakatenga ndalama ku boma. Mzinda wa Milwaukee unayamba njirayi mu 1990, kuthandiza mabanja osauka. Mu 2002, pa mlandu wa mzinda wa Cleveland, oweruza 5 mwa 9 a Bwalo Lalikulu anavomereza kuti vocha igwire ntchito ngakhale m'sukulu za mipingo, popeza wosankha ndi kholo, osati boma.

Nanga Eklezia amaphunzitsa zotani? Mu 1965 Msonkhano Waukulu wa Vatikani Wachiwiri unatulutsa chikalata cha maphunziro, Gravissimum Educationis. Chikalatacho chimaphunzitsa kuti makolo, popeza ndiwo anapatsa ana moyo, ndiwonso aphunzitsi awo oyamba, ndi kuti boma liyenera kugawa thandizo lake mwachilungamo, kuti makolo athe kusankha sukulu momasuka monga mwa chikumbumtima chawo. Zimenezi si maloto chabe. Dziko la Netherlands linagwirizana mu 1917 kuti sukulu za boma ndi za mipingo zizilandira ndalama mofanana, ndipo likuchita chomwecho mpaka lero. Koma chikalata chomwecho chimapemphanso abusa ndi akristu onse kuti sukulu za Katolika zisamale makamaka osauka ndi amene alibe banja lowathandiza. Mfundo ziwirizi zimayenda pamodzi, ndipo wotola imodzi nkutaya inayo wasokoneza chiphunzitso.

Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Vocha imamveka bwino m'khutu, koma tiyenera kuitsegula ndi mafunso atatu.

Funso loyamba: kodi ikufika kwa yani? Mu 2022 chigawo cha Arizona chinatsegula thandizo lotere kwa mwana aliyense, wolemera ndi wosauka yemwe. Ambiri mwa oyamba kulembetsa anali ana amene sanali m'sukulu za boma ndi kale lomwe. Ndiye kuti gawo lalikulu la msonkho linapita kukapeputsa mabanja amene anali atapeza kale njira yawo.

Funso lachiwiri: kodi wosankha ndani, kholo kapena sukulu? Dziko la Chile linayamba njira ya vocha mu 1981. Patapita zaka, sukulu zinaloledwa kuonjezera fizi pamwamba pa ndalama ya boma, ndipo zambiri zinkasankha ana amene zifuna. Chotsatira chake, ana a opeza bwino anaunjikana kwawo, ana a amphawi natsala kwawo. Boma linayenera kukonza: mu 2008 linaonjezera ndalama yotsata mwana wosauka, ndipo mu 2015 linakhazikitsa lamulo lothetsa pang'onopang'ono fizi yoonjezera, kusankha ana, ndi kupanga phindu pa ndalama ya msonkho. Tionjezepo kuti sukulu yosankhidwa sindiyo yabwino nthawi zonse. M'chigawo cha Louisiana ku America, ofufuza anapeza kuti ana amene anasamuka ndi vocha anabwerera m'mbuyo pa masamu m'zaka zoyamba.

Funso lachitatu: kodi otsala atsala ndi chiyani? Ana 3 akachoka m'kalasi ya ana 30 ndi ndalama zawo, mphunzitsi alipidwabe malipiro omwewo, denga lifunabe kukonzedwa, ndipo galimoto yonyamula ana idzamwabe mafuta omwewo. Komanso kumidzi kumene sukulu ili imodzi yokha, pepala lopatsa ufulu wosankha lilibe kopita. Amene amatsala kawirikawiri ndi mwana wolumala, mwana wamasiye, ndi mwana amene makolo ake sadziwa kulemba mafomu.

Abale athu, kuno ku Malawi tilibe vocha ya sukulu, koma funso la msonkho ndi mwana tili nalo. Sukulu zathu zambiri zinamangidwa ndi mipingo, ndipo m'zambiri mwa izo boma ndilo limalipira aphunzitsi. Chotero msonkho ndi Mpingo zinakumana kale pa bwalo limodzi. Mu 1994 fizi ya ku pulayimale itathetsedwa, chiwerengero cha ana chinakwera kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Chinali chinthu chachikulu ndi chabwino, koma walira mvula walira matope: zipinda ndi aphunzitsi zinachepa, ana naphunzirira pansi pa mitengo. Tinaona ndi maso athu kuti kutsegula chitseko nkosakwanira ngati ndalama sizitsata mwana kulowa naye m'kalasi.

Ndipo pasakhale wina woganiza kuti msonkho amakhoma ndi a pa ntchito okha. Mayi wa kumudzi pogula nsalu m'sitolo kapena mayunitsi a lamya, wakhoma msonkho. Choko chimene mphunzitsi agwira, mayiyo ali ndi gawo lake pamenepo. Nchifukwa chake ali ndi ufulu, ndiponso udindo, wofunsa mmene ndalama za sukulu zayendera.

Inu makolo, musaope kupita ku misonkhano ya sukulu. Lowani m'komiti, funsani za mabuku, za zimbudzi ndi za ndalama zimene zabwera. Ngati Mulungu wakudalitsani ndipo mwana wanu ali pa sukulu yolipira, musafulatire sukulu ya m'mudzi mwanu, pakuti mwana wa mnzako ngwako yemwe. Inu akatekisiti, pokumana m'miphakati werengani ana amene akhala pakhomo chifukwa chosowa yunifomu, makope kapena chakudya cha m'mawa, muwadziwe ndi maina awo. Ndipo ife ansembe ndi masisiteri amene tiyang'anira sukulu za Mpingo, tidzifunse ngati mwana wa mphawi angalowe pa chipata chathu mosachita manyazi. Sukulu imene ilandira ndalama ya anthu onse ikhale yokonzeka kulandira mwana wa aliyense, ndi kuonetsa poyera mabuku ake a ndalama.

Ufulu wa makolo wosankha sukulu ndi weniweni, ndipo Eklezia sadzaleka kuuteteza. Koma muyeso wa njira iliyonse, kaya ndi vocha ya ku Milwaukee kaya ndi malipiro a mphunzitsi wa sukulu ya mishoni, ndi mwana wosaukitsitsa. Iye akapeza mpando, buku ndi mphunzitsi, ndiye kuti mfumu ya dziko yalandira zake ndipo Mulungu walandira zake.

Ambuye Yezu, amene anakula m'nzeru m'nyumba ya Maria ndi Yosefe, adalitse ana athu, aphunzitsi awo, ndi onse osunga chuma cha dziko. Amen.