Timu ikakwera ligi, bwalo limatsala kumudzi

Munthu akafika ku Namwera, m'boma la Mangochi, madzulo a tsiku la mpira, sachita kufunsa kumene kuli bwalo. Amangotsatira njinga zamoto za kabaza ndi phokoso la mavuvuzela. Monga zilili m'malo ambiri ochitira malonda m'dziko muno, mpira wa kumeneko ndi wapamtetete. Anthu amaima m'mphepete mwenimweni mwa mzere, ana amathamangira m'bwalo chigoli chikalowa, ndipo osewera amavalira yunifomu kuseri kwa kalasi kapena pansi pa mtengo. Popeza palibe chipata, palibenso wolipira.

Tiyerekeze kuti timu ya kumeneko yapsa moto, yagonjetsa matimu onse a m'boma, kenako a m'chigawo, mpaka yapeza malo m'ligi yapamwamba. Kodi masewero ake apakhomo ikasewerera kuti? Funso limeneli kale linkaoneka lakutali, koma kusintha kumene kwachitika pa kayendetsedwe ka maligi kwalibweretsa pafupi.

Kwa zaka zambiri, njira yolowera mu Super League inali imodzi. Dziko linali ndi maligi a zigawo zitatu, kumpoto, pakati ndi kummwera, ndipo akatswiri a chigawo chilichonse ankalowa m'malo mwa matimu atatu amene athera kumchira kwa ligi yaikuluyo, yomwe ili ndi matimu 16. Matimu a ku Mangochi ankawerengedwa kummwera, kutanthauza kuti ankalimbirana malo amodzi omwewo ndi matimu a mumzinda wa Blantyre, a ku Mulanje ngakhale a kuchigwa cha Shire. Ulendo uliwonse wokasewera koyenda unkadya ndalama zambiri, ndipo matimu osauka ankafooka ligi isanafike n'komwe pakati.

Fleetwood Haiya atasankhidwa kukhala mtsogoleri wa bungwe loyendetsa mpira la FAM mu December 2023, kulowa m'malo mwa Walter Nyamilandu yemwe adatsogolera kuyambira 2004, zinthu ziwiri zidasintha. Choyamba, chigawo chakummawa chidakhala ndi bungwe lakelake, la Eastern Region Football Association, ndipo matimu a ku Mangochi, Machinga, Balaka ndi Zomba tsopano amapikisana ndi anansi awo. Chachiwiri, mu 2025 kudayamba ligi yachiwiri ya dziko lonse, ya NBS Bank National Division, yomwe idayamba ndi matimu 12, kuphatikizapo Ntaja United ya ku Machinga. Tsopano akatswiri a m'chigawo salumphira mu Super League mwachindunji. Amayamba adutsa m'ligi yapakatiyi.

Kwa timu ya ku Namwera, kusintha koyambaku n'kothandiza kwenikweni, chifukwa ulendo wa ku Ntaja kapena ku Liwonde sungafanane ndi wa ku Nchalo. Kwachiwiriko kuli ndi mbali ziwiri. Timu imapeza nthawi yokhwima isanakumane ndi zimphona ngati Bullets, Wanderers ndi Silver Strikers. Koma ligi ya dziko lonse imatanthauzanso maulendo a dziko lonse. Kuchokera ku Mangochi kukafika ku Karonga ndi makilomita oposa 700, ndipo anthu pafupifupi 30 ayenera kudya ndi kugona panjira.

Chimene amafuna oyendera mabwalo

Kupambana m'bwalo kokha sikulowetsa timu m'ligi yapamwamba. Timu iyenera kulandira chiphaso kuchokera ku FAM, motsatira ndondomeko imene mabungwe a FIFA ndi CAF adakhazikitsa. Ndondomekoyi imaunika mbali zisanu: zamasewero, zomangamanga, ogwira ntchito ndi utsogoleri, zamalamulo komanso zachuma. Timu ikhoza kulemba mphunzitsi wokhala ndi ziphaso zoyenera m'sabata imodzi, ndipo ikhoza kulembetsa ngati kampani m'mwezi umodzi. Bwalo silimangika m'miyezi yochepa imene imakhala pakati pa kutha kwa ligi ndi kuyamba kwa ina.

Oyendera mabwalo sayang'ana kukongola. Amafuna mpanda wakunja wokhala ndi zipata, waya wolekanitsa oonerera ndi osewera, zipinda zovalira za matimu onse awiri komanso cha oimbira, zimbudzi, madzi, kapinga wosalala ndiponso polowera ambulansi. Chilichonse mwa izi chili ndi chifukwa chake. Pabwalo lopanda waya, woimbira amene wapereka penate kwa alendo pamphindi zomaliza amakhala pakati pa chinamtindi cha anthu okwiya, wopanda kothawira. Nkhani ya zipata nayo si yamasewera. Pa 6 July 2017 anthu asanu ndi atatu, ambiri mwa iwo ana, adafa pokanganirana kulowa m'bwalo la Bingu ku Lilongwe, bwalo latsopano lomwe lidatsegulidwa chaka chomwecho.

Mpanda ndiwonso umasandutsa khamu la anthu kukhala ndalama. Kwa zaka zambiri, ndalama zapachipata mu Super League zinkagawidwa motere: akachotsa zolipira apolisi, ogulitsa matikiti ndi ena ogwira ntchito, timu iliyonse inkatenga K25 pa K100 iliyonse, mwini bwalo ankatenganso K25, ndipo yotsalayo inkapita ku FAM, Sulom ndi khonsolo ya zamasewero. Apa pali mfundo imene ochemerera ambiri saiona. Timu yokhala ndi bwalo lake imatenga magawo awiri, pamene yobwereka imatenga limodzi, n'kulipiranso mafuta opitira kumasewero omwe pamapepala amalembedwa kuti ndi apakhomo.

Bwalo lampanda limene lili pafupi ndi Namwera ndi la Mangochi, paboma, mtunda wa makilomita pafupifupi 40. Pamapu mtundawu ndi waufupi. Koma amene adayendapo mseu wotsetsereka kuchokera kumapiri a Namwera kukafika pamlatho wa Shire akudziwa kuti mlimi wa m'dera la mfumu yaikulu Jalasi, yemwe amaonera mpira ulele pafupi ndi munda wake, sangamalipire galimoto kupita ndi kubwera, kuphatikizapo tikiti, sabata ziwiri zilizonse. Akhoza kupita tsiku limene Maule kapena Manoma abwera. Masiku enawo timu ingamasewere pamaso pa mipando yopanda anthu, ndipo phindu la kusewera pakhomo, lomwe ndi anthu ako ndi bwalo lomwe udalizolowera, lingathe.

Izi zidachitikira kale ena. Chitipa United idakhala nyengo zingapo mu Super League ikusewerera masewero ake apakhomo pabwalo la Karonga, mtunda wa makilomita pafupifupi 100 kuchokera kwawo. Red Lions, timu ya asilikali a ku Zomba, idakhala zaka ikulandirira alendo m'mabwalo a maboma ena, monga la Balaka, pamene ntchito yomanga bwalo la Zomba inkayenda pang'onopang'ono, ndipo mu 2023 idatuluka m'ligi. Sitinganene kuti bwalo lokha ndilo lidaigwetsa, koma silidaithandizenso. Ngakhale akuluakulu sadapulumuke. Bwalo la Kamuzu litatsekedwa mu 2017, Bullets ndi Wanderers zidayendayenda ku Chilomoni, Nchalo ndi Balaka. Mu 2021 timu ya dziko lino, Flames, idasewerera masewero ake apakhomo a mpikisano wopitira ku World Cup pabwalo la Orlando ku Johannesburg, chifukwa CAF sidavomereze bwalo lililonse la kuno kwathu.

Nanga mabwalo a sukulu ndi makoleji?

Ena amati yankho lili m'masukulu, popeza sukulu ndi makoleji ali kale ndi malo. Ganizoli lili ndi nzeru, koma mbiri ya Mzuni FC ikutichenjeza. Timuyi inali ya yunivesite ya Mzuzu ndipo idafika mu Super League. Komabe masewero ake apakhomo ankachitikira pabwalo la mzinda la Mzuzu Stadium, osati pasukulupo, ndipo ndalama zoyendetsera timu m'ligi yaikulu zidakhala mtolo kwa sukulu imene ntchito yake yeniyeni ndi kuphunzitsa. Ubalewo utatha, timu idasintha dzina kukhala Mzuzu Warriors, ndipo sipadapite nthawi yaitali idatuluka m'ligi. Bwalo la sukulu limamangidwira ophunzira. Mphunzitsi wamkulu amene alibe makalasi okwanira sangaike mpanda wa bwalo patsogolo, ndipo palibe amene angamudzudzule.

Kumene masukulu amayendetsadi mpira waukulu ndi ku America, ngakhale mpira wake ndi wina, wonyamula m'manja uja. Kumeneko timu siikwera kapena kutsika chifukwa cha mapointi. Yunivesite imachita kuitanidwa kulowa m'gulu la mayunivesite ena, ndipo oitanawo amayang'ana kukula kwa bwalo ndi ndalama za wailesi ya kanema. Mu 2024 gulu lakale la Pac-12 lidatsala ndi mayunivesite awiri okha, Oregon State ndi Washington State, khumi enawo atasamukira kumene kuli ndalama zambiri. Makoleji aang'ono ofuna kulowa m'gawo lapamwamba ankalipira madola 5 000, koma kuyambira 2023 amalipira madola 5 miliyoni. Kwathu kuno timu ya kumudzi ikadali ndi mwayi wokwera ndi zigoli, ndipo umenewu ndi ubwino woyenera kuuteteza. Vuto ndi lakuti ikakwera imakumana ndi funso lomwelo la bwalo.

Chitsanzo chofanana kwambiri ndi chathu ndi cha Luton Town ya ku England. Itakwera kulowa mu Premier League mu 2023, idagwiritsa ntchito mapaundi pafupifupi 10 miliyoni kukonza bwalo lake laling'ono la Kenilworth Road, ndipo masewero ake oyamba apakhomo adaimitsidwa kudikira kuti ntchito ithe. Kusiyana kwake n'kwakuti Luton idakwera ikudziwa kuti ndalama za kanema zibweza zonsezo. Timu yathu imakwera ikudalira thumba la munthu mmodzi wamalonda, yemwe akatopa timu imatha.

M'maganizo mwanga, cholakwika chathu n'chakuti tikamva mawu akuti bwalo la zamasewero timaganiza za chinyumba cha mabiliyoni chokhala ndi magetsi ausiku. Andale amakonda malonjezo otere, ndipo nyengo ya chisankho ikafika amakondanso kukhazikitsa zikho za sabata zochepa, zomwe zimasiya yunifomu ndi mipira koma osasiya njerwa ngakhale imodzi. Namwera sakufunika bwalo la anthu 20 000. Akufunika malo amene umwini wake walembedwa bwino, chifukwa palibe angaike ndalama pamalo omwe mawa akhoza kumangidwapo kalasi kapena msika. Kenako mpanda, waya, zipinda zovalira, zimbudzi ndi chitsime chothirira kapinga m'chilimwe. Ntchito yotere ikhoza kuchitika pang'onopang'ono, ndi ndalama zachitukuko cha m'dera zomwe zimadzera kukhonsolo, malinga anthu aipemphe kudzera m'makomiti awo a chitukuko monga amapemphera milatho ndi zipatala.

Pali chinanso chimene chikhoza kukopa khonsolo. Namwera ali pamseu wopita kuchipata cha Chiponde, ndipo kutsidya kwake kuli tauni ya Mandimba m'chigawo cha Niassa ku Mozambique, kumene anthu ake ndi achibale a anthu a kuno ndipo amayankhula chiyankhulo chimodzi. Bwalo lampanda pamalo otere likhoza kulandira masewero apaubale ndi matimu a kutsidya, mipikisano ya sukulu, zoimbaimba ndi misonkhano ya zipembedzo, ndipo zonsezi zimalipira mwini bwalo ngakhale ligi itatseka.

FAM ndi bungwe la chigawo chakummawa nawo ali ndi gawo lawo. Matimu ambiri amamva za zofunika pabwalo atakwera kale, oyendera atafika ndi mapepala awo. Kukadakhala bwino timu iliyonse yolembetsa m'ligi ya chigawo ikadamapatsidwa mndandandawo pachiyambi, ndipo oyendera akadamafika m'mabwalo a matimu amene ali pamwamba ligi ili pakati, kuti timu yomwe ikuoneka kuti ikwera idziwe msanga ngati chaka chamawa idzasewerera kwawo kapena iyambe kukambirana ndi eni bwalo la Mangochi.