Kuundana kwa magazi: apaulendo wa pa ndeke acenjere

Amalonda ambiri a ku Kamwala ndi a m'misika ya ku Chipata amakwera ndeke kukagula katundu ku Dubai ndi ku Guangzhou. Ulendo wa ku Dubai wokha umatenga maola pafupi-fupi 7 munthu ali khale pa mpando. Kwa ambiri cotuluka cake ndi kutopa cabe, koma kwa munthu amene magazi ake sacedwa kuundana, maola amenewa angathe kumutengera ku manda.

Madokotala amacha bvutoli kuti DVT. Magazi a m'miyendo amabwerera ku mtima mothandizidwa ndi minofu ya kumbuyo kwa mwendo, imene imafinya mitsempha pamene munthu ayenda. Munthu akakhala nthawi yaitali atapinda maondo, magazi amayenda pang'ono-pang'ono, ndipo nthawi zina amaundana mu mtsempha wa mkati. Mwendo umodzi umatupa, kupweteka ndi kutentha. Coopsa ceni-ceni cimadza ngati kacidutswa ka magazi oundanawo kathothoka ndi kukatseka mtsempha wa m'mapapo. Pamenepo munthu amabanika, amamva kulasa m'cifuwa, mwina kutsokomola magazi, ndipo ena amagwa ndi kufa pomwepo.

Nkhaniyi inamveka kwambiri mu 2000 pamene mkazi wina wa ku Britain, wa zaka 28, anamwalira atangotsika ndeke pa Heathrow ku London kucokera ku Australia. Koma mlandu suli wa ndeke yokha ai. Mu 1940 dokotala wina wa ku London, Keith Simpson, anaona imfa zotere pakati pa anthu amene anali kucezera usiku wonse pa mipando m'malo obisalamo mabomba. Mu 2007 bungwe la WHO linalengeza kuti ngozi ya kuundana kwa magazi imawirikiza kawiri pa ulendo wa maola anai kapena kuposerapo, kaya ndi pa ndeke, pa basi kapena pa sitima. Tero wokwera basi ya ku Johannesburg kapena ya Chipata–Lusaka asadzione ngati wapulumuka. Bungweli linati mwa apaulendo otere 6,000, pafupi-fupi mmodzi ndiye amapezeka ndi bvutoli.

Ciwerengero cimeneci n'cocepa, koma sicigwera onse mofanana. Ali pa ngozi yaikulu ndi amene anadwalapo kale DVT, a m'banja la magazi osacedwa kuundana, amai a pakati ndi amene angobereka kumene, akumwa mapilisi ena a cilezi, ocitidwa opaleshoni posacedwa, odwala khansa ndi onenepa kwambiri. HIV ndi TB nazonso zimaonjezera ngoziyi. Anthu otere aonane ndi dokotala asanagule tikiti. Ena amauzidwa kubvala masokosi a cipatala ofika pansi pa bondo, ena amalasidwa nyeleti ya heparin asananyamuke, ndipo amene wangopezeka kumene ndi DVT angauzidwe kuyamba waimika ulendo. Kumwa aspirin mwa iwe wekha, monga amalangizirana ena pa bwalo la ndeke, si citetezo codalirika.

Amene akumwa warfarin ali ndi nchito yoposa. Ayenera kupimitsa magazi, cipimo cochedwa INR, masiku ocepa ulendo usanafike. Kwa ambiri cimafunika kukhala pakati pa 2 ndi 3. Mankhwalawa amasokonezeka ndi zakudya. Repu, cibwabwa ndi bondwe zili ndi vitamini K amene amacepetsa mphamvu ya warfarin, motero munthu wozolowera ndiwo za masamba tsiku ndi tsiku akakhala milungu iwiri ku dziko la eni osazilawa, magazi ake angasungunuke mopitirira muyeso ndi kuyamba kutuluka m'mphuno kapena m'nkhama. Mankhwala a TB ochedwa rifampicin naonso amafooketsa warfarin kwambiri.

Mapilisi asalowe mu sutukesi yopita pansi pa ndeke, pakuti masutukesi amasocera. Akhale m'cola ca m'manja pamodzi ndi kalata ya dokotala, ndipo akhale okwanira masiku oposa a ulendo. Za nthawi yomwera nazo zifunika nzeru: Dubai ili patsogolo pa Lusaka ndi maola awiri, Guangzhou ndi maola 6.

M'ndeke, wapaulendo apemphe mpando wa m'mbali mwa njira kuti azinyamuka ndi kuyendako pakapita ola limodzi kapena awiri. Ali pa mpando azikweza zidendene ndi zala za kumapazi mosinthana, ndipo asapanikize miyendo ndi katundu. Amwe madzi, acepetse mowa, apewe mapilisi ogonetsa.

Bvutoli kawiri-kawiri silionekera m'ndeke momwemo. Limatulukira patapita masiku, ngakhale milungu, munthu ali kale pa nyumba kapena pa msika. Mwendo umodzi ukatupa, osausisita kapena kuutema mphini. Munthuyo apite ku cipatala tsiku lomwelo, ndipo auze anamwino kuti wangocokera pa ulendo wautali.