Kabolodi kobiriwira kakafa ku Ruarwe

Nyali za asodzi a usipa sizifa kawirikawiri chifukwa cha babu ayi. Chimene chimayamba kufa ndi kabolodi kobiriwira kamkati, kamene amisiri amakatcha PCB, kokhala ndi timizere ta mkuwa tolumikiza batire ndi timababu ta LED. Chinyezi chikalowa, mkuwa uja umadyeka, nyali n'kuzima. Zikatero siginala alibe chokopera usipa, chilimira chimagona pamchenga, ndipo mabanja angapo amagona osaona ya ndiwo.

Ku Mzuzu ungothamangira kushopu. Koma ku Ruarwe, kumpoto kwa boma la Nkhata Bay, galimoto sifika. Umakwera Ilala, sitima yomwe yayenda panyanjayi kuyambira 1951, kapena boti, apo ayi wapansi m'mapiri. Mwera ukavuta, ngakhale botilo silinyamuka. Ine amene ndimakonza mawailesi ndi zipangizo za sola m'derali, ndinaona kuti kudikira kabolodi katsopano nthawi zonse n'kutaya nthawi. Ndinayamba kuphunzira kukapanga ndekha.

Luso lake si lachilendo kwenikweni. Paul Eisler, injiniya wa ku Austria yemwe anasamukira ku England, anagwiritsa ntchito bolodi yotere mu wailesi cha m'ma 1936. Njira ya pakhomo ndi iyi. Umajambula mizere pa kompyuta ndi pulogalamu yaulere ya KiCad, yomwe inayambika ku France mu 1992. Umasindikiza chojambulacho papepala losalala ndi printa ya laser. Ya inki wamadzi siigwira, musataye nayo pepala. Kenako umayala pepala lija pa bolodi yokutidwa ndi mkuwa n'kusita ndi simbi. Inde, simbi yamakala yomweyi ya malaya a kutchalitchi. Kutentha kumasungunula inki yaufa ija n'kuimatiriza pamkuwa. Ukanyika m'madzi, pepala limafewa n'kuchoka, mizere yakuda n'kutsala.

Apa m'pamene pamafunika mankhwala a ferric chloride. Amadya mkuwa wonse wosaphimbidwa, n'kusiya okhawo uli pansi pa inki. Akakhala ofunda ndipo ukumagwedeza mbale, ntchito imatha msanga. Ukatsuka, umaboola timabowo ta mamilimita 0.8, n'kuwotcherera tizipangizo. Tsiku limodzi, nyali yayaka.

Koma tisanamizane. Bolodi yapakhomo imakhala ya mbali imodzi, mizere yake yonenepa, ndipo ilibe utoto wobiriwira uja umene umateteza mkuwa. Pafupi ndi nyanja, mkuwa wosavala suchedwa kudyeka, choncho ndimaupaka vanishi. Printa nayonso ili kutali. Mapepala ndimasindikiziratu ambiri ndikapita ku tauni.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi madzi otsala. Ferric chloride akagwira ntchito amadzaza mkuwa wosungunuka, ndipo mkuwa ndi poizoni kwa nsomba. Kuwathira mumtsinje kapena pamchenga ndiye kupha usipa womwewo umene nyali ikukaitana. Ine ndimawasunga m'chigubu chotseka bwino, kutali ndi ana, n'kuwagwiritsanso ntchito mpaka atafookeratu. Amene akufuna kuphunzira lusoli koma alibe posungira zotsalazi, bola asayambe.

Njira yachiwiri ndi kutuma mafakitale akunja. Mu KiCad momwemo umatulutsa mafayilo otchedwa Gerber, n'kuwatumiza pa intaneti ku makampani a ku China monga JLCPCB kapena PCBWay. Amakupangira bolodi ya mbali ziwiri, yokhuthala mamilimita 1.6, mabowo ake okutidwa mkuwa mkati, utoto woteteza uli pomwepo, mayina a zipangizo atalembedwa moyera bwino. JLCPCB imalengeza mtengo wa $2 pa timabolodi 5 tating'ono. Ukamva koyamba umaganiza kuti akunyoza.

Vuto lili panjira. Kutumiza phukusi kumadula kuposa mabolodiwo. Kulipira kumafuna khadi la kubanki lovomerezeka kunja, ndipo nkhani ya kusowa kwa ndalama zakunja tonse tikuidziwa. Chigwereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, dola iliyonse imaluma. Phukusi likalowa m'dziko pali za msonkho, kenako ulendo wa ku Mzuzu, Nkhata Bay, n'kudikira boti. Ukalakwitsa mzere umodzi pachojambula, mabolodi onse amabwera ndi cholakwika chomwecho, masabata n'kupita pachabe.

N'chifukwa chake sindigwirizana ndi anzanga ena amene amati kupanga pakhomo n'kwachikale. Yapakhomo ndi yoyesera: umaona ngati nzeru yako ikugwira, n'kukonza lero lomwelo. Zikatheka, m'pamene umatuma akunja akupangire zambiri zolimba. Kwa munthu wa ku Ruarwe, njira ziwirizi zimayendera limodzi.

Anthu aluso dziko lino lili nawo. William Kamkwamba anapanga makina amagetsi a mphepo ku Wimbe, m'boma la Kasungu, ndi zidutswa zotola. Ophunzira a ku MUBAS ndi MUST amapanga zipangizo zamagetsi chaka ndi chaka. Chosowa n'chakuti lusoli litsike kufika m'makoleji a ntchito zamanja amene TEVETA imayang'anira, kuti mnyamata kapena mtsikana wophunzira za sola asamangodziwa kusintha bolodi, azidziwanso kuijambula.

Ndipo amisiri a Usisya, Ruarwe, Mpamba, Chintheche ndi Kande atagwirizana pa chojambula chimodzi cha nyali ya usipa, chosavuta kukonza ndi zipangizo zopezeka ku Mzuzu, atha kuitanitsa mabolodi pamodzi m'phukusi limodzi. Ndalama yotumizira ingagawidwe pakati pawo, ndipo aliyense angakhale ndi angapo osungira m'bokosi nyengo ya mwera isanafike.