Maphunziro akunja: funsani musadagulitse ng'ombe

Ukaima pamapiri a ku Dowa kunja kuli ngwee, ndege zonyamuka pabwalo la Kamuzu ku Lumbadzi zimaoneka bwino lomwe zikulowa m'mitambo. Ana asukulu amaziloza, ndipo makolo ambiri a ku Mponela, Madisi, Mvera mpaka ku Malomo m'boma la Ntchisi amalakalaka mwana wawo atadzakwera imodzi tsiku lina, ulendo wokatenga digiri kunja.

Chilakolakochi chimakula zotsatira za mayeso a MSCE zikangotuluka. Chaka ndi chaka ana ambiri amakhoza bwino, koma malo m'sukulu zaukachenjede za boma sakwanira. Apa m'pamene mabanja ena amayamba kuwerengera mabelo a fodya, matumba a soya ndi ng'ombe za m'khola, atamva kuti ku India, China kapena South Africa malo ali mbwee.

Malowo alipodi. Koma khola lisadatsekulidwe, banja liyambe layankha mafunso awiri: mwanayu akukaphunzira chiyani, nanga pepala lakelo lidzagwira ntchito akadzabwerera kumudzi?

Zidamuonekera Kamuzu

Funso lachiwirili lidavutitsapo ngakhale mtsogoleri woyamba wa dziko lino. Dr Hastings Kamuzu Banda adatenga digiri pa University of Chicago mu 1931, kenaka n'kumaliza maphunziro a udokotala pa Meharry Medical College ku America komweko mu 1937. Koma pepala la ku America palokha silinkamulola kuchiza odwala m'maiko olamulidwa ndi Britain, kuphatikizapo Nyasaland. Adawolokera ku Edinburgh, m'dziko la Scotland, komwe adakhalanso pabenchi mpaka kulandira ziphaso zina mu 1941.

Masiku ano mlonda wa mapepala otere ndi bungwe la National Council for Higher Education, lomwe ambiri amangoti NCHE. Bungweli lidakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2011 ndipo mwa ntchito zina limaunika madigiri ochokera kunja kuti lione ngati sukulu yake ndi yovomerezeka komanso kuti pepalalo likufanana ndi liti kuno kwathu.

Ntchito zina zili ndi alonda akenso. Dokotala wophunzira kunja sangagwire wodwala asadalembetse ku Medical Council of Malawi. Namwino ndi mzamba amadzera ku Nurses and Midwives Council. Wophunzira zamalamulo kunja amayenera kudzaphunziranso malamulo a dziko lino ndi kukhoza mayeso ake asadaloledwe kuimira anthu pakhoti. Kulemba kalata yofunsa mabungwewa mwana asadanyamuke n'kotchipa kusiyana n'kudzamva atabwera kuti zaka zinayi zapita m'madzi.

Kuli maphunziro anji?

Kunja kumayambira pafupi pomwepa. University of Zambia ku Lusaka ili ndi sukulu ya zamigodi komanso ya udokotala wa ziweto. Sokoine University of Agriculture ku Morogoro, m'dziko la Tanzania, imadziwika ndi zaulimi, zankhalango ndi zaziweto. Africa University ku Mutare, m'dziko la Zimbabwe, ndi ya mpingo wa Methodist ndipo imalandira ana ochokera m'maiko ambiri a mu Africa pamaphunziro a zaulimi, zaumoyo, zaubusa ndi kayendetsedwe ka bizinesi.

Ku South Africa, yunivesite ya Witwatersrand ku Johannesburg ndi yotchuka pa uinjiniya wa zamigodi, pomwe za Pretoria ndi Cape Town zili ndi pafupifupi nthambi iliyonse. Chothandiza n'chakuti mu 1997 maiko a SADC adasainirana pangano la zamaphunziro mumzinda wa Blantyre, lomwe limati ophunzira a m'chigawochi azilipira fizi ngati eni dziko. N'chifukwa chake Mmalawi pasukulu zaboma za ku South Africa amalipira mocheperapo kuyerekeza ndi wochokera kutali, ngakhale pamakhala kandalama kena koonjezera ka alendo.

Chiyambireni ubale wa Malawi ndi China kumapeto kwa 2007, boma la dzikolo lakhala likupereka masikolashipu a uinjiniya, zaulimi, zachuma ndi udokotala. Maphunziro ena amaperekedwa m'Chingerezi, ena m'Chitchaina, ndipo apa wophunzira amayamba wathera chaka chathunthu pachilankhulo chokha. Wa udokotala, ngakhale aphunzire m'Chingerezi, kuchipatala amakakumana ndi odwala olankhula Chitchaina.

Boma la India limathandiza kudzera ku bungwe la ICCR pamaphunziro monga a kompyuta, zamalonda, sayansi ndi uinjiniya. Makolo adziwe kuti udokotala wachizungu suli m'gulu la maphunziro omwe bungweli limalipirira.

Kwa mwana wa mlimi, palinso EARTH University ku Costa Rica, yomwe imaphunzitsa zaulimi zokhazokha kwa zaka zinayi, m'kalasi ndi kumunda komwe. Kumeneko amaphunzira m'Chisipanishi. Bungwe la Mastercard Foundation, lomwe lidayamba ndondomeko yake ya masikolashipu mu 2012, lalipirira ana ambiri a mu Africa pasukuluyi komanso pa Ashesi University ku Ghana, komwe kuli maphunziro a kompyuta, bizinesi ndi uinjiniya.

MSCE payokha sitsekula makomo onse

Apa m'pamene ambiri amapunthwa. Mwana akhoza kukhala ndi mapointi okongola, koma mayunivesite ambiri a ku Britain amafuna A-Level, monga yomwe amalemba ku Kamuzu Academy ku Mtunthama, apo ayi chaka chimodzi chokonzekera chomwe chimalipiridwa pachokha. Ku South Africa amafuna kaye chikalata chotsimikiza kuti maphunziro a mwanayo akufika pa mlingo wolowera kuyunivesite, ndipo nthawi zambiri MSCE yokha siikwanira.

Chinanso n'chakuti masikolashipu ambiri otchuka ndi a digiri yachiwiri. Chevening ya boma la Britain imalipirira Masters ya chaka chimodzi, imafuna munthu yemwe wagwirapo ntchito zaka ziwiri, ndipo akamaliza amayenera kubwerera kwawo kwa zaka ziwiri. Beit Trust imathandiza anthu a ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe okha, nayonso pa digiri yachiwiri. Masikolashipu a Commonwealth ndi a Masters ndi PhD.

Choncho mwana yemwe wasankhidwa kupita ku Bunda, Mzuzu, Zomba kapena Thyolo asadzione wotsalira. Kwa Amalawi ochuluka, njira ya ku London idadzera m'makalasi a konkuno. Komanso maphunziro ena omwe kale ankapezeka kunja kokha adafika pakhomo. Chisadafike chaka cha 1991, pomwe College of Medicine idatsekulidwa ku Blantyre, madokotala athu ankaphunzira kunja. Lero udokotala uli ku KUHeS, wa ziweto uli ku LUANAR, ndipo uinjiniya wa zamigodi uli ku MUBAS.

Zitsanzo za pakhomo

William Kamkwamba, yemwe adabadwira ku Dowa n'kukulira ku Wimbe m'boma la Kasungu, adasiyira sukulu panjira kaamba kosowa fizi panthawi ya njala ya 2001 ndi 2002. Adapanga makina opukusa magetsi ndi mphepo kuchokera ku zitsulo zotayidwa, atawerenga buku la m'laibulale yaing'ono. Mbiri yake itamveka mu 2006, sadangodumphira ku America. Adayamba wabwerera kusekondale ku Lilongwe, kenaka ku African Leadership Academy ku Johannesburg, asadalowe Dartmouth College komwe adamaliza digiri ya zachilengedwe mu 2014. Phunziro lomwe adasankha lidagwirizana ndi mavuto a madzi, magetsi ndi ulimi omwe adawasiya kumudzi.

Chitsanzo china chili ku Dzaleka, kufupi ndi boma la Dowa. Malowa adali ndende ya andale, koma kuyambira 1994 amasunga anthu othawa nkhondo ndipo pano alipo oposa 50,000. Mu 2010 ansembe achikatolika a chipani cha Jesuit adayambitsa pamsasapa maphunziro a pa intaneti, ndipo ophunzira ankalandira dipuloma ya Regis University ya ku America. Pambuyo pake Southern New Hampshire University nayo idabweretsa madigiri pamalopa. Bungwe la WUSC la ku Canada limasankhanso achinyamata a pamsasapa kukaphunzira m'dzikolo, koma mwayi umenewu ndi wa othawa kwawo okha.

Zomwe zachitika ku Dzaleka zikuonetsa kuti pepala lakunja likhoza kupezeka munthu akugona m'nyumba yakwawo, bola pali kompyuta, magetsi ndi intaneti. Koma nayonso digiri ya pa intaneti iyambe yafufuzidwa, poti sukulu zabodza zogulitsa mapepala zachuluka.

Kwacha ikagwa, fizi imakwera

Banja lomwe likufuna kudzilipirira lokha liwerengere zaka zonse, osati chaka choyamba chokha. Mu Meyi 2022 kwacha idatsika mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 idatsikanso ndi 44 peresenti, dola n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700 kubanki. Kunena kwina, fizi ya madola 2,000 idachoka pa K2.36 miliyoni kufika pa K3.4 miliyoni usiku umodzi, mitengo ya soya ndi mtedza pamsika wa Ntchisi isadasunthe. Pamwamba pa fizi pali lendi, chakudya, inshulansi ya chipatala, pasipoti, visa ndi tikiti ya ndege. Kupeza madola kubanki nakonso kwakhala kovuta m'zaka zapitazi.

Malamulo olowera m'maiko nawo amasintha. Kuyambira 2025 boma la America lakhwimitsa kaperekedwe ka ma visa kwa Amalawi, kotero wofuna kupita kumeneko ayambe wafunsa ku ofesi ya kazembe asadalipire kalikonse kusukulu.

Chenjerani ndi madobadoba

Pomwe pali chilakolako, akamberembere sasowa. Ena amayenda ndi timapepala tokongola tolonjeza sikolashipu ya theka, osanena kuti theka lotsalalo ndi mamiliyoni. Ena amalonjeza sukulu ndi ntchito pamodzi. Mu 2024 bungwe lofalitsa nkhani la AP lidaulula kuti atsikana ochokera m'maiko angapo a mu Africa, omwe adakopedwa ndi malonjezo otere, adakapezeka akugwira ntchito m'fakitale yopanga ndege zankhondo zopanda woyendetsa ku Alabuga, m'dziko la Russia.

Masikolashipu enieni monga Chevening, Beit ndi Commonwealth salipiritsa ndalama yofunsira ndipo safuna mkhalapakati. Amalengezedwa poyera, nthawi yofunsira imadziwika, ndipo wofunsa amadzilembera yekha. Munthu akati mutumize ndalama pafoni kuti akusungireni malo, dziwani kuti zavuta.

Mphunzitsi wamkulu wa pasekondale, kaya ndi ku Robert Blake ku Kongwe kapena sukulu yoyendera ya m'mudzi, akhoza kuthandiza kuwerenga kalata yochokera kusukulu yakunja. Dzina la sukuluyo ndi la phunzirolo zipite ku NCHE, ndalama za zaka zonse zilembedwe papepala, banja likhale pansi. Ng'ombe ikachoka m'khola sibwerera, ndipo akuluakulu adati safunsa adadya phula.