Seshoni Ilibe Ndende

Ku Mwanza, Akhristu awiri akayambana pa ngongole ya manachesi kapena malire a munda, mlandu sufika msanga kukhoti la pa boma. Za m'banja zimayambira kwa ankhoswe. Za malo zimapita kwa nyakwawa, zikakula n'kukafika kwa T/A Kanduku kapena T/A Nthache. Koma okanganawo akakhala a mpingo umodzi pamakhalanso bwalo lina, losalembedwa m'malamulo a dziko.

A CCAP, amene kuno ali pansi pa Sinodi ya Blantyre, amatengera nkhani kwa akulu a mpingo, ikakanika ipite ku seshoni, bwalo la m'busa ndi akulu onse a mpingowo. Akatolika amayambira mumphakati. Onsewa amatsamira pa Mateyu 18, pamene wolakwiridwa akuuzidwa kuti ayambe wakambirana ndi mnzakeyo paokha, kenako aitane mboni, mpingo ubwere pomaliza. Paulo nayenso, pa 1 Akorinto 6, anadzudzula abale osumirana kwa oweruza akunja. Ndondomekoyi siinali yachilendo kwa anthu amene anazolowera kale kuti nkhani ya m'nyumba siithamangira kubwalo la mfumu ankhoswe asanaimve.

Seshoni ilibe ndende, ilibe wapolisi, siingalande mbuzi ya munthu. Chilango chake chachikulu ndi kumudula munthu pa mgonero. Wa m'tauni angachione chopepuka, koma kumudzi n'chowawa, pakuti wodulidwayo amayamba kulingalira za amene adzamuimbire pa maliro ake.

Mpingo unaphunzira malire amenewa movutikira. Mishoni ya Blantyre itakhazikitsidwa mu 1876, amishoni oyamba anadziyesa boma. Ankakwapula anthu, ndipo mu 1879 anapha munthu amene anamuweruza okha kuti ndi wakupha. Mlendo wina, Andrew Chirnside, anaulula zimenezi ku Britain mu 1880, ndipo M'busa Duff Macdonald anachotsedwa. David Clement Scott, amene anabwera mu 1881, anatsata njira ya eni dziko yokhala pansi n'kukamba mlandu.

Kwina mabwalo achipembedzo ali ndi mano. Ku Kenya, makhoti a Kadhi ndi olembedwa m'malamulo aakulu a dziko a 2010, ndipo amaweruza za ukwati, chisudzulo ndi chuma chamasiye, malinga onse awiri akhale Asilamu ovomera kupitako. Ku London, Ayuda awiri okangana pa malonda angathe kupita ku Beth Din, bwalo la chipembedzo chawo, ndipo akasainirana, lamulo la Arbitration Act la 1996 limachititsa kuti khoti la boma likakamize chigamulocho. Chigawo cha Ontario ku Canada chinalowera kwina: mu 2006 chinachotsa mphamvu yotere kwa mabwalo onse achipembedzo pa nkhani za m'banja.

Kuno chigamulo cha seshoni chimagwira ntchito pokhapokha mwini wake atachimvera. Ena amati kumeneko n'kufooka, koma ubwino wake ndi wakuti mayi amene sanakhutire nacho sanatseke khomo la kwa majisitireti, chifukwa palibe chimene anasaina.

Choopsa chili pa nkhani zosayenera kuthera m'chipinda cha akulu. Ku Australia, komishoni ya boma inapeza mu 2015 kuti a Mboni za Yehova anali ndi mafayilo a anthu 1,006 oganiziridwa kuti anachitira ana nkhanza zogonana kuyambira 1950, ndipo gululo silinakaneneze ndi mmodzi yemwe kupolisi. Lamulo la m'Malemba lofuna mboni ziwiri linkateteza wolakwa, popeza zoterezi zimachitika popanda woona. Vutoli si la mpingo umodzi wokha. Paliponse pamene mayi wotupa nkhope amauzidwa kuti apirire poti banja ndi kupirira, akulu amakhala atatenga mlandu wosakhala wawo. Malawi ali ndi lamulo loletsa nkhanza za m'banja kuyambira 2006, ndipo kupolisi kuli ofesi ya Victim Support Unit. Mkulu wa mpingo amene wamva nkhani yotere ayenera kumuperekeza mayiyo kumeneko tsiku lomwelo, za kukhululukirana zikambidwe pambuyo.