Windows ikakana kutseguka mutasintha motherboard, musafulumire kufufuta disiki

Anthu ambiri amene asinthitsa motherboard ya kompyuta yao amapeza vuto limodzi: makina ayaka, fani izungulira, koma Windows yakana kutseguka. Ena amauzidwa kuti njira yatsala ndi imodzi cabe, kufufuta zonse za pa disiki ndi kuikapo Windows yatsopano. Kawiri-kawiri uphungu umenewu ndi wolakwika, ndipo umatayitsa makalata, zithunzi ndi maakaunti a malonda a zaka zambiri.

Motherboard ndi bolodi lalikulu pamene ziwalo zonse za kompyuta zimalumikizidwa. Limapsa magetsi akabwera ndi mphamvu yopitirira pambuyo pozima, monga mmene ambiri anaonera m'caka ca 2024 pamene madzi anacepa ku Kariba ndipo magetsi anali kuzima maola ambiri patsiku. Koma bolodi likapsa, nthawi zambiri disiki imapulumuka ndipo zonse zimene munasunga zimakhala zikalipo. Cimene casintha ndi njira imene bolodi latsopano lifunira Windows pa disikiyo.

Malo oyamba kuyang'ana ndi mu BIOS, kapulogalamu kokhala m'bolodi momwemo. Pa mabolodi ambiri munthu amalowamo mwa kudiniza batani la Del kapena F2 kompyuta ikangoyaka.

Pali njira ziwiri zoyatsira Windows: yakale yochedwa Legacy ndi yatsopano yochedwa UEFI. Windows yoikidwa mwa njira yakale imakhala pa disiki yogawidwa m'dongosolo la MBR, pomwe ya UEFI imafuna dongosolo la GPT. Bolodi latsopano likaikidwa pa UEFI koma disiki ili ya MBR, limanena kuti silinapeze coyatsira, ngati kuti disikiyo ilibe kanthu. Mau amenewa ndi amene amaopsa eni makompyuta, ngakhale kuti kuzimitsa Secure Boot ndi kutsegula CSM mu BIOS kumathetsa vutoli m'mphindi zocepa. Mabolodi ena atsopano alibe CSM. Zikatero, pali cida ca MBR2GPT cimene cili mu Windows 10 kuyambira m'caka ca 2017, cimene cimasintha dongosolo la disiki popanda kufufuta kanthu. Munthu wanzeru amayamba wakopera mafayilo ake pa disiki ina asanacigwiritse nchito.

Nthawi zina Windows imayamba kutseguka, kenaka sikirini ikhala ya buluu ndi mau akuti INACCESSIBLE_BOOT_DEVICE, kapena nambala ya 0x0000007B pa Windows XP ndi Windows 7. Apa ndiye kuti bolodi likulankhula ndi disiki mwa njira imene Windows siinazolowere. Njirazo ndi IDE, AHCI ndi RAID, ndipo zimasankhidwa mu BIOS pa mbali ya SATA. Mukabwezera pa imene bolodi lakale linali kugwiritsa nchito, kawiri-kawiri Windows imatseguka. Kuyambira pa Windows 8 ya m'caka ca 2012, Windows imazindikira yokha ziwalo zambiri zatsopano, koma pa mfundo iyi imapunthwabe.

Ngati zonsezi zili bwino koma bolodi silionabe Windows, flash disk yoikira Windows ili ndi Startup Repair, ndipo lamulo la bcdboot limalembanso mafayilo oyatsira.

Coopsa ceniceni ndi BitLocker. Makompyuta ambiri atsopano, maka-maka ma laptop, amakhoma disiki okha mwini wake akalowa ndi akaunti ya Microsoft, ndipo ena sadziwa n'komwe kuti disiki yao ndi yokhoma. Kiyi yake imatetezedwa ndi kacipangizo kochedwa TPM kamene kali pa bolodi. Bolodi lakale likacoka, kompyuta imapempha kiyi yapadera ya manambala 48. Kiyi imeneyi imapezeka mu akaunti ya Microsoft ya mwini wake, kapena kwa oyang'anira makompyuta ngati makinawo ndi a kunchito. Popanda iyo palibe wokonza makompyuta amene angatsegule disikiyo, ndipo a Microsoft naonso sangaipangenso. Conco ngati kompyuta ikali kuyaka, lembani manambalawo pa pepala musanaipereke kwa wokonza.

Windows ikatseguka, ingathe kunena kuti laisensi yake siyotsimikizika, cifukwa imaona bolodi latsopano ngati kompyuta ina. Laisensi yogulidwa payokha, ngati inalumikizidwa ku akaunti ya Microsoft, imasamutsidwa kudzera mu Activation troubleshooter. Imene inabwera ndi kompyuta kucokera ku fakitale nthawi zambiri imapita ndi bolodi lakale.

Ogula bolodi logwirapo kale nchito afunse ngati lili ndi TPM 2.0, popeza Windows 11 imafuna zimenezo, ndipo a Microsoft analeka cithandizo ca nthawi zonse ca Windows 10 pa 14 October 2025.