Ku South Africa mfuti ndi mwayi wopatsidwa ndi lamulo, si ufulu wachibadwidwe

PRETORIA – M'dziko la United States, nkhani ya mfuti imayambira pa malamulo aakulu oyendetsera dziko. Ndime yachiwiri yomwe anaiwonjezera m'malamulowo mu 1791 imapatsa nzika ufulu wosunga ndi kunyamula zida, ndipo mu 2022 bwalo lalikulu la milandu la dzikolo linagamula kuti boma la New York lisamakakamize munthu kupereka chifukwa chapadera asanapatsidwe chiphaso choyendera ndi mfuti yobisa m'zovala.

Ku South Africa zinthu n'zosiyana kotheratu. Malamulo aakulu a dzikoli a mu 1996 satchula ufulu wokhala ndi mfuti. Chomwe ndime 12 imalonjeza n'chakuti munthu aliyense atetezedwe ku nkhanza za mtundu uliwonse, kaya zochokera ku boma kapena kwa anthu anzake. Mkangano wagona pa tanthauzo la lonjezoli: ena amati limafuna kuti mfuti zichepe pakati pa anthu, pomwe ena amati limapatsa munthu mphamvu yodziteteza pamene apolisi ali kutali.

Mlandu womwe unayambira ku Pretoria

Lamulo loyang'anira mfuti la Firearms Control Act la m'chaka cha 2000 linayamba kugwira ntchito mokwanira pa 1 Julayi 2004, kulowa m'malo mwa lamulo la mu 1969 lomwe linkapereka ziphaso zosatha ntchito. Lamulo latsopanoli linati chiphaso chilichonse chikhale ndi malire, ndipo mwini wake apemphe china kutatsala masiku osachepera 90 kuti chakalecho chithe.

Bungwe la alenje la South African Hunters and Game Conservation Association linakadandaula kubwalo lalikulu la milandu ku Pretoria kuti lamuloli silinena bwino chimene munthu wochedwa kupempha ayenera kuchita. Mu Julayi 2017, woweruza Ronel Tolmay anagwirizana ndi bungweli n'kugamula kuti ndime 24 ndi 28 za lamuloli zikusemphana ndi malamulo aakulu a dziko.

Koma mu Juni 2018, bwalo loona za malamulo aakulu a dziko, lomwe lili ku Johannesburg, linathetsa chigamulocho. Woweruza Johan Froneman, polemba m'malo mwa anzake onse, anafotokoza kuti kukhala ndi mfuti si umodzi mwa maufulu achibadwidwe, koma ndi mwayi womwe umayendetsedwa ndi lamulo. Mu 2022 bwalo lomwelo, pamlandu wa kampani ya alonda ya Fidelity, linawonjezera kuti munthu amene chiphaso chake chinatha akhoza kupempha chatsopano cha mfuti yomweyo.

Njira yopezera chiphaso

Mapempho onse amayambira ku polisi ya m'dera, koma amakagamulidwa ku ofesi ya kaundula wa mfuti ya Central Firearms Register ku Pretoria. Wopempha ayenera kukhala wa zaka 21 kapena kuposerapo, aphunzire kagwiritsidwe ntchito ka mfuti ndi malamulo ake, adinde zala, ndipo apolisi afufuze ngati alibe mbiri ya nkhanza, kuphatikizapo nkhanza za m'banja, kapena ya uchidakwa ndi mankhwala ozunguza bongo. Akapambana apa amalandira chikalata chotsimikiza kuti ndi woyenera, ndipo kenaka amapempha chiphaso cha mfuti yeniyeniyo. Mfuti iliyonse imakhala ndi chiphaso chake.

Wofuna mfuti yodzitetezera amaloledwa imodzi yokha pansi pa ndime 13, ndipo ayenera kusonyeza kuti palibe njira ina yoyenera yomwe angadzitetezere. Chiphaso chotere chimatha pakapita zaka zisanu. Kunyumba, mfutiyo isungidwe mu sefa yovomerezeka.

Mfundo yofunika kwa Amalawi, anthu a ku Zambia, Mozambique ndi Zimbabwe omwe akugwira ntchito m'dzikoli ndi yakuti chikalata chotsimikiza kuyenera kwa munthu chimaperekedwa kwa nzika za South Africa kapena kwa amene ali ndi chilolezo chokhala m'dzikoli mpaka kalekale. Wokhala ndi chilolezo cha ntchito kapena cha maphunziro sali m'gululi. Wopezeka ndi mfuti yopanda chiphaso akhoza kukakhala kundende zaka zofika 15.

Kubisa mfuti ndi lamulo

Ku South Africa kulibe chiphaso chapadera choyendera ndi mfuti yobisa. Chiphaso chokhalira ndi mfuti ndi chomwecho chimalola mwini wake kuyenda nayo, ndipo ndime 84 imalamula kuti pamalo a anthu onse mfutiyo ikhale yophimbidwa kotheratu. Mfuti ya m'manja ikhale m'chikopa chake chomangidwa pathupi kapena m'chikwama, ndipo mwini wake akhale wotha kuiyang'anira nthawi zonse. Chomwe m'madera ena a ku America munthu amachipemphera chiphaso chapadera, kuno ndi udindo.

Kuloza munthu ndi mfuti popanda chifukwa chomveka, kuigwira utaledzera, kapena kulephera kuuza apolisi pasanathe maola 24 kuti yatayika kapena kubedwa, yonseyi ndi milandu payokha.

Kodi lamuloli lathandiza?

Kafukufuku yemwe anatsogolera Richard Matzopoulos, wofalitsidwa mu 2014, anapeza kuti kupha anthu ndi mfuti kunachepa chaka ndi chaka m'mizinda isanu ya dzikoli pakati pa 2001 ndi 2005. Bungwe la Gun Free South Africa limaona zimenezi ngati umboni wakuti kukhwimitsa malamulo kumapulumutsa miyoyo.

Komabe m'zaka zotsatira chiwerengero cha ophedwa chinakweranso, mpaka kupitirira 27,000 m'chaka cha 2022/23 malinga ndi apolisi. Eni mfuti amati vuto lili pa mfuti zopanda chilolezo, ndipo amatchula mlandu wa Christiaan Prinsloo, mkulu wa apolisi yemwe mu 2016 analamulidwa kukhala kundende zaka 18 chifukwa chogulitsa mfuti pafupifupi 2,400 zomwe zinayenera kuphwanyidwa. Zambiri zinakathera m'manja mwa magulu a zigawenga ku Cape Town.

Mu Meyi 2021 boma linatulutsa maganizo ochotsa kudziteteza pa zifukwa zopezera chiphaso, ndipo anthu zikwi zambiri analemba zotsutsa. Mkanganowo unasonyeza tanthauzo lenileni la chigamulo cha 2018: popeza mfuti sizitchulidwa pamndandanda wa maufulu, nyumba ya malamulo ili ndi mphamvu yokhwimitsa kapena kufewetsa njira yozipezera, bola lamulolo lisaphwanye maufulu ena monga wa moyo ndi wa chitetezo cha munthu.